N'chifukwa chiyani alembi a ku Britain sakuleka kufukula mabala akale?

Mphunzitsi wina wa phunziro la mabuku a Chingerezi wafunsa kuti: "Ndawerengako nthano zazitali zingapo za alembi a ku Britain a masiku ano, ndipo ndaona kuti zambiri zili ndi munthu amene akukumbukira zakale mopereweza kapena mokhotetsa, komanso zimabwerera kunkhondo zimene zidatha alembiwo asanabadwe. Kodi n'chifukwa chiyani zili chonchi? Nanga chikumbukiro cha munthu mmodzi chimasiyana bwanji ndi chimene akatswiri amachitcha chikumbukiro cha mtundu wonse? Ophunzira anga ndiwauze kuti aziyang'ana chiyani akamawerenga?"

Mwaona bwino, aphunzitsi, ndipo chimene mwaonacho ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zimene zachitika m'zolemba za ku Britain kuyambira cha m'ma 1980. Ndiyambe ndi mawu amene tigwiritse ntchito, chifukwa m'kalasi mawu akasokonekera phunziro lonse limapita m'mbali. Liwu loti trauma, limene mwakhala mukulipeza m'mabuku a akatswiri, lidachokera ku Chigiriki, ndipo poyamba linkatanthauza bala lenileni la pathupi. Pambuyo pake madokotala adayamba kulitchula ponena za bala limene munthu amatsala nalo m'maganizo akaona kapena akachitiridwa choopsa chachikulu kwambiri, chimene mutu wake umalephera kuchiika pamalo pake monga umaikira zinthu zina zonse zimene zidapita. Ukwati wa mlongo wathu timatha kuufotokoza kuyambira pa chinkhoswe mpaka pamene alendo adabalalika, koma choopsa chamtunduwu sichilola kufotokozedwa motero. Chimabwera chokha osachiitana, m'maloto, m'fungo, m'kulira kwa chitseko, ndipo chikabwera chimakhala ngati chikuchitika lero lino. M'yankho langali ndizichitchula kuti bala la mumtima.

Chikumbukiro cha mtundu ndi nkhani ina. Amene adayamba kuifotokoza mwadongosolo ndi Maurice Halbwachs, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku France, m'buku lake la mu 1925, ndipo iye mwini adadzafera mumsasa wozunzirako anthu wa Buchenwald ku Germany mu 1945. Mfundo yake idali yakuti palibe munthu amene amakumbukira ali yekhayekha, pakuti ngakhale zimene timaziyesa zathuzathu timazikumbukira kudzera m'mawu, m'miyambo ndi m'nkhani za banja, mpingo kapena dziko limene tidakuliramo. Mtundu wa anthu ulibe ubongo umodzi woti n'kusungamo zakale. Chimene uli nacho ndi zipilala, masiku a zikumbutso, nyimbo, mabuku a kusukulu ndi nkhani zimene akuluakulu amabwerezabwereza mpaka ana kuziloweza. Ku Britain chitsanzo choonekeratu ndi cha pa 11 Novembala, pamene anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri nthawi ikakwana 11 koloko m'mawa, mwambo umene udayamba mu 1919. Amavala duwa lofiira la poppy pachifuwa, ndipo pa Lamulungu loyandikana ndi tsikulo atsogoleri amakaika nkhata pachipilala cha Cenotaph ku Whitehall mumzinda wa London. Mwambowu si wachilendo kwa ife, poti ku Zomba nakonso nkhata zimaikidwa pachipilala cha asilikali a King's African Rifles. Chofunika kugwiritsa n'chakuti chikumbukiro chotere chimasankha: chikakweza nkhani imodzi chimakwirira ina, ndipo kawirikawiri yokwiriridwayo imakhala imene ikanachititsa mtunduwo manyazi.

Nthano zimene mukufunsazi zimaima pamphambano pamene ziwirizi zimakumana, ndiye kuti pamene chimene munthu akuchidziwa m'thupi mwake sichikugwirizana ndi chimene mtundu wake ukufuna kumva. Chifukwa chake ine ndimaona kuti funso lothandiza kwambiri kwa wophunzira si lakuti mtengambali akukumbukira chiyani, koma lakuti ndani ali chete m'bukumu, ndipo chete wakeyo akupindulira yani. Pali amene ali chete chifukwa mawu akukanika kutuluka, pali amene ali chete chifukwa kulankhula kungagwetse ulemu umene adzimangira, ndipo pali amene akulankhula bwinobwino koma palibe akuwatchera khutu. Alembi aluso amadziwa kuti atatuwa si munthu mmodzi.

Zoti nkhanizi zidachuluka m'zaka zimenezi zili ndi zifukwa zake. Mu 1980 madokotala a matenda a maganizo a ku America adalowetsa m'buku lawo la mayina a matenda vuto la maganizo lobwera chifukwa cha bala la mumtima, limene amalitchula mwachidule kuti PTSD, makamaka chifukwa cha kudandaula kwa asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam, ndipo kuyambira pamenepo chinthu chimene kale chinkatchedwa mantha kapena kufooka chidakhala ndi dzina lovomerezeka. Pa nthawi yomweyo mboni za nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse zinkatha imodziimodzi. Harry Patch, msilikali womaliza wa ku Britain amene adamenyako nkhondo m'maenje a nkhondo yoyamba, adamwalira mu 2009 ali ndi zaka 111. Alembi amene mukuwawerengawa ndi ana ndi zidzukulu za mbonizo, anthu amene adakula m'nyumba momwe mudali chinthu chosatchulidwa koma chodziwika kwa aliyense, ndipo katswiri wina, Marianne Hirsch, adalemba zambiri za mmene ana amalandirira mabala a makolo awo ngati kuti adawaona okha. Chinanso n'chakuti ufumu wa atsamunda udali utatha, ndipo ana a anthu ochokera ku Jamaica, ku India ndi ku Africa adali atakulira mu Britain momwemo n'kuyamba kulemba, akudziwa mbiri ina imene anzawo a m'kalasi sadaphunzitsidwe.

Ndikanati ndisankhe buku limodzi loyambira, ndikanasankha Regeneration la Pat Barker, limene lidatuluka mu 1991 ndipo ndi loyamba mwa atatu otsatizana. Lachitatu, The Ghost Road, lidapata mphoto ya Booker mu 1995. Barker adaleredwa ndi agogo ake, ndipo agogo aamunawo adali ndi chipsera cha mpeni wa kumfuti chimene adabwera nacho kunkhondo yoyamba, koma za nkhondoyo sankakamba. Nthanoyi ikuchitikira pachipatala cha Craiglockhart ku Edinburgh mu 1917. Chipatalacho chidalikodi, monganso dokotala W. H. R. Rivers ndi alakatuli awiri amene adagonekedwa kumeneko, Siegfried Sassoon ndi Wilfred Owen. Sassoon sadatumizidwe kuchipatala chifukwa chozungulira mutu. Adali atalemba chikalata chonena kuti nkhondoyo ikutalikitsidwa dala ndi anthu amene ali ndi mphamvu zoithetsa, chikalatacho chidawerengedwa m'nyumba ya malamulo mu Julayi 1917, ndipo akuluakulu a asilikali adaona kuti kumutcha wodwala n'kosavuta kusiyana ndi kuimba mlandu munthu amene adalandirapo mendulo ya kulimba mtima. Buku lisanapite patali, wowerenga waona kale dzina la matenda likugwira ntchito yotseka munthu pakamwa.

Pakati pa anthu enieniwa Barker adaikapo wopeka, Billy Prior, mkulu wa asilikali wochokera m'banja la anthu wamba, amene akufika pachipatala atasiya kulankhula ndipo akuyankha mafunso polemba papepala. Chimene chidamutsekera mawu chikudzaululika pambuyo pake: bomba lidapha asilikali ake awiri, ndipo iye akusonkhanitsa zotsala za matupi awo adapezeka atanyamula diso la munthu m'dzanja lake. M'bukumu Rivers akufotokoza kuti asilikali wamba ndiwo amene kawirikawiri ankasiyiratu kulankhula pamene akuluakulu awo ankachita chibwibwi, chifukwa kwa msilikali wamba kunena zakukhosi kudali ndi chilango choopsa kwambiri. Mfundo imeneyi ndimaikonda chifukwa imasonyeza kuti ngakhale maonekedwe a bala la mumtima amatsatira udindo wa munthu pakati pa anzake. Thupi limadziwa chimene mwini wake akuloledwa kunena.

Gawo limene sindiliiwala lili chakumapeto, pamene Rivers akupita ku London kukaonerera dokotala mnzake, Lewis Yealland, akuchiza msilikali wosalankhula. Yealland akutseka chitseko n'kumuuza wodwalayo kuti satuluka mpaka atalankhula, kenako akumugwiritsa magetsi kukhosi kwa maola ambiri kufikira mawu atatuluka, ndipo mawuwo ndi amene dokotala akufuna kumva, osati amene msilikaliyo adali nawo mumtima. Rivers ankachiza mosiyana kwambiri, pakuti ankakhala pansi ndi odwala n'kuwalimbikitsa kuti asathawe zimene adaona, ndipo Rivers weniweni adakambadi za njira imeneyi pamaso pa madokotala anzake kumapeto kwa 1917. Komatu usiku umenewo akulota akulowetsa chitsulo cha pakamwa pa hatchi m'kamwa mwa munthu, ndipo akudzuka atazindikira kuti naye, ndi kukoma mtima kwake konse, ntchito yake ndi yokonza anyamata kuti abwerere kumene adasweka. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli, chifukwa Barker sakulola wowerenga kupumula poganiza kuti pali dokotala woipa ndi dokotala wabwino basi. Owen adabwereradi kunkhondo ndipo adaphedwa pa 4 Novembala 1918, kutatsala sabata imodzi kuti mfuti zitonthole. Mtundu nawo umasintha maganizo, ngakhale mochedwa: asilikali 306 amene adaomberedwa ndi anzawo pa milandu monga kuthawa ndi mantha adakhululukidwa ndi boma la Britain mu 2006, patadutsa zaka pafupifupi 90.

Chete wa Kazuo Ishiguro ndi wamtundu wina. Ishiguro adabadwira ku Nagasaki mu 1954, adafika ku Britain ali ndi zaka zisanu, ndipo adalandira mphoto ya Nobel mu 2017. Mu The Remains of the Day, buku la mu 1989, mfotokozi ndi Stevens, mkulu wa antchito a m'nyumba yaikulu ya Darlington Hall, amene mu Julayi 1956 akuyenda ulendo wa pagalimoto kukaona mayi amene adagwira naye ntchito kale, Miss Kenton. Stevens si munthu wosowa mawu. Akulankhula kwambiri, mwaulemu, mosamala, ndipo kuchuluka kwa mawu akewo ndiko chophimba chake. Pang'onopang'ono wowerenga akutola zimene iye akuzilambalala: bwana wake, Lord Darlington, ankalandira nthumwi za Hitler m'nyumbamo nkhondo yachiwiri isanayambe, Stevens adachotsa ntchito atsikana awiri achiyuda bwanayo atalamula, ndipo tsiku limene bambo ake ankatsirizika m'chipinda cham'mwamba iye adapitiriza kutsanulira alendo zakumwa. Zoti ankalira usiku umenewo satiuza iye. Tikuzidziwa chifukwa chakuti anthu amene akuwatumikira akumufunsa ngati ali bwino, ndipo bwana wake akuona kuti akuoneka ngati akulira. Luso limeneli ndi loti ophunzira anu aliyang'anitsitse, pakuti choonadi chikulowa m'nkhani kudzera pakamwa pa ena, mfotokozi akuyang'ana kumbali.

Nanga mtundu ukulowamo bwanji m'nkhani ya wantchito mmodzi? Stevens paulendo wake akufika pokana kuti adagwirapo ntchito kwa Lord Darlington, ndipo kukana kwakeko n'kofanana ndi mmene Britain imakondera kukumbukira 1940, chaka chimene idaima molimba, kusiyana ndi zaka za m'ma 1930 pamene ena mwa anthu ake olemekezeka ankafuna kumvana ndi Hitler. Mwezi wa ulendowo ndi womwewo umene mtsogoleri wa dziko la Egypt, Gamal Abdel Nasser, adalanda ngalande ya Suez m'manja mwa kampani ya Angerezi ndi Afalansa, chinthu chimene chidaonetsa dziko lonse kuti mphamvu za Britain zaphwa, koma Stevens sakuchitchula. Ishiguro sakunyoza munthuyu, ndipo ife sitiyenera kumunyoza, chifukwa funso limene akuliopa ndi limene aliyense amene adatumikira mokhulupirika ulamuliro wolakwa amaliopa, lakuti kodi moyo wanga wonse ndidaupereka pachabe.

Patapita zaka zambiri, mu 2015, Ishiguro adalitenga funso la mtundu n'kuliika poyera mu The Buried Giant. Nthanoyi ikuchitika kalekale, mfumu Arthur itangomwalira, m'dziko limene lakutidwa ndi nkhungu yoiwalitsa anthu zakale. Nkhalamba ziwiri, Axl ndi mkazi wake Beatrice, zikunyamuka kukafuna mwana wawo amene sizikumukumbukira bwino. Zikudzadziwika kuti nkhunguyo ndi mpweya wa chinjoka chotchedwa Querig, ndipo idaikidwa dala kuti anthu a mtundu wa Saxon aiwale mmene ankhondo a Arthur adaphera akazi ndi ana awo, kuphwanya pangano limene Axl yemweyo adathandiza kumanga. Mtendere umene ulipo wakhazikika pa kuiwala kumeneko. Chinjokacho chikaphedwa, choonadi chibwerera pamodzi ndi kubwezera, ndipo m'banja la nkhalambazo mubwereranso zolakwirana zimene nkhungu idaphimba. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo bukuli likuvomereza zimenezo, koma likufunsanso moona mtima ngati kufukula mlandu kumachiza nthawi zonse. Ishiguro adanena m'zokambirana ndi atolankhani kuti ankaganiza za zimene zidachitika ku Yugoslavia ndi ku Rwanda. M'chigawo chathu chino funsoli lidayankhidwa mosiyana ndi mayiko awiri oyandikana: South Africa idakhazikitsa bungwe lomvera umboni poyera utatha ulamuliro wa tsankho, pamene Mozambique, itasainira mtendere ku Rome mu 1992, idasankha kukhululukira onse popanda bwalo lotero. Wophunzira amene akudziwa zimenezi sangaliyese bukuli nthano chabe ya zinjoka.

Atonement la Ian McEwan, la mu 2001, ndilitchule mwachidule, ndipo mundikhululukire poulula mathero ake. Briony Tallis ali ndi zaka 13 mu 1935 pamene akupereka umboni wabodza umene ukutsekeretsa Robbie Turner m'ndende ndi kumulekanitsa ndi Cecilia, mkulu wake wa Briony. Tikuwerenga kuti awiriwa adapulumuka nkhondo n'kukhala limodzi, koma kumapeto Briony wokalamba, mu 1999, atauzidwa kuti matenda ayamba kumudya chikumbukiro, akuulula kuti iye ndiye mlembi wa zonse zimene tawerenga, ndiponso kuti Robbie adafa asilikali a Britain akuthawira kudoko la Dunkirk ku France mu 1940 ndipo Cecilia adafa chaka chomwecho bomba litagwa pasiteshoni ya Balham ku London. Dunkirk m'chikumbukiro cha Britain ndi chozizwitsa chimene chidapulumutsa asilikali oposa 300,000, koma McEwan akuionetsa ngati chipwirikiti cha anthu otopa, aludzu ndi okwiya. Chimene bukuli likufunsa n'chakuti kodi nkhani yokonzedwa bwino ingalipire mlandu kwa anthu amene adafa kale, ndipo funsolo likumugwera mlembi aliyense wolemba za mabala a ena, kuphatikizapo McEwan mwini.

Tsopano ndinene pamene ndimasiyana maganizo ndi mabuku ambiri a akatswiri amene mungawapeze. Kuyambira m'ma 1990, makamaka potsatira zolemba za Cathy Caruth, kudafala chiphunzitso chakuti bala la mumtima ndi chinthu chosaneneka, ndipo nthano yoona iyenera kukhala yoduladula, yobwerezabwereza, yodzaza ndi mipata. Chiphunzitsochi chimamuunikira bwino Billy Prior, koma chikatengedwa ngati muyeso wa mabuku onse chimabisa anthu ambirimbiri amene mabala awo sadachokere m'tsiku limodzi loopsa, koma m'kunyozedwa kwa tsiku ndi tsiku, ndipo amene amatha kufotokoza zonse momveka bwino akanangopeza womvetsera. Andrea Levy, amene bambo ake adachokera ku Jamaica n'kufika padoko la Tilbury ku England pa sitima ya Empire Windrush mu Juni 1948, adalemba za anthu otere mu Small Island, buku la mu 2004. Gilbert Joseph wa ku Jamaica adatumikira m'gulu la nkhondo la ndege la Britain, adaphunzira kusukulu mizinda ndi ngalande za England, koma akupeza kuti anthu amene adabwera kudzawamenyera nkhondo sadziwa n'komwe kumene kuli Jamaica. Mkazi wake Hortense, mphunzitsi wophunzira bwino, akuuzidwa ku London kuti mapepala ake alibe ntchito. M'buku lomwelo muli Arthur, nkhalamba yachizungu imene idasiya kulankhula chibwerere kunkhondo yoyamba, ndipo kuika anthu amenewa m'nkhani imodzi kumasonyeza bwino kusiyana kwa munthu amene mawu adamuthera ndi munthu amene mawu ali nawo koma mtundu watseka makutu. Levy adamwalira mu 2019, ataona chimene chidaululika mu 2018: anthu amene adalowa mu Britain movomerezeka ali ana ankauzidwa kuti alibe chilolezo, ena adachotsedwa ntchito, ena adathamangitsidwa m'dzikomo, ndipo makadi akale osonyeza tsiku limene adafika adali atawonongedwa ndi boma lenilenilo. Kuiwala kwa mtundu kumafika mpaka m'mafayilo a m'maofesi, ndipo kumachotsa nsima pakamwa pa munthu.

Milkman la Anna Burns, limene lidapata Booker mu 2018, likuonetsa mbali ina, ya dera lonse limene laphunzira kusaona ndi kusatchula mayina kuti lipulumuke nthawi ya ziwawa za ku Northern Ireland. Pophunzitsa bukuli musamale ndi liwu loti Britain, chifukwa funso la amene ali wa ku Britain ndi amene ali wa ku Ireland ndilo lidali pakati pa mkangano umene udapha anthu pafupifupi 3,500 pangano la 1998 lisanasainidwe.

Buku limene likutikhudza ife mwachindunji ndi Afterlives la Abdulrazak Gurnah, la mu 2020. Gurnah adabadwira ku Zanzibar mu 1948, adapita ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adaphunzitsa payunivesite ya Kent, ndipo adalandira Nobel mu 2021. Nkhondo yake ndi yomweyo ya Barker, koma akuionera kum'mawa kwa Africa, kumene asilikali akuda ndi onyamula katundu adafa m'nkhondo ya Ajeremani ndi Angerezi. Hamza akubwera kunkhondo ali ndi bala pathupi ndi maloto oopsa, koma Gurnah sakuduladula nkhani yake. Akuifotokoza modekha: munthuyu akupeza ntchito ya ukalipentala, akukwatira Afiya, akubereka mwana, ndipo bala likukhala nawo m'nyumba monga mmene limakhalira m'mabanja ambiri, lodziwika koma losaletsa moyo kupitirira. Ilyas, mlongo wake wa Afiya, adapita kunkhondo osabwerera, ndipo ndi mwana wa Afiya amene, patadutsa zaka zambiri, akukafufuza m'nkhokwe za zikalata ku Germany n'kupeza kuti malume ake adafera mumsasa wozunzirako anthu wa Sachsenhausen. Bukuli likuthera pomwepo mwadzidzidzi, m'masamba ochepa, ndipo owerenga ena amadandaula kuti mathero afulumira. Ine ndimaona kuti kufulumirako n'koona, chifukwa zimene zikalata za Azungu zidasunga za munthu ngati Ilyas n'zochepa motero.

Nkhondo imeneyi makolo athu adaitcha ya Chiwaya. Idafika ku Karonga mu Seputembala 1914, idatenga amuna ambirimbiri a ku Nyasaland ngati asilikali ndi amtengatenga, John Chilembwe adalemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo mkulu wa asilikali a Germany kum'mawa kwa Africa, Paul von Lettow-Vorbeck, adatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918, patadutsa masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza mu lipoti lake kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Middle East, sadalembedwe mayina pachikumbutso chilichonse kapena sadakumbukiridwe n'komwe, ndipo lidati chiwerengerocho chikhoza kufika 350,000. Pamene mzungu aliyense wofera ku France adapatsidwa mwala kapena dzina pakhoma, mtengatenga wa kwathu adafera m'njira katundu ali pamutu ndipo nthawi zambiri sadalembedwe paliponse. Mphindi ziwiri za chete za pa 11 Novembala zili ndi chete wina mkati mwake, ndipo alembi ngati Levy ndi Gurnah ndi amene akhala akumutchula dzina.

M'kalasi, aphunzitsi, ndingakulangizeni kuti muzitenga ndime imodzi yaifupi, monga ija ya Stevens akutumikira alendo bambo ake akumwalira, n'kufunsa ophunzira kuti alembe zimene mfotokozi wanena ndi zimene iwo adziwa popanda iye kuzinena, kenako afotokoze kuti adziwa bwanji. Mukatero afunseni kuti ndi nkhani iti ya mtundu imene ikanasokonekera mfotokoziyo akanalankhula zoona. Muthanso kuwatuma kuti akafunse kunyumba ngati pali kholo limene lidapita kunkhondo ya Chiwaya kapena ku Burma pa nkhondo yachiwiri, ndi kuyerekeza zimene banja lasunga ndi zimene zili m'buku la mbiri la kusukulu. Chenjezo langa ndi limodzi: m'kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi simulephera kukhala wina amene ali ndi bala lakelake, la imfa, la nkhanza za kunyumba kapena la madzi osefukira amene adakokolola mudzi wawo. Ntchito yolemba za m'banja ikhale yosakakamiza, asawerenge mokweza amene sakufuna, ndipo wophunzira amene wasankha kulemba za Hamza kapena za Prior m'malo molemba za iye mwini apatsidwe malikisi ofanana ndi anzake.